Nzimbe Imene Ndinaphumitsa Mwana Wanga

Ndiyambe ndi kuvomera, mwina mtima ungakhaleko pansi: palibe amene anandilanda mwana. Ku Mandimba anthu amakamba kuti achemwali anga anandichenjerera, ena amati apongozi awo anapita naye kwa asing'anga kuti andiiwale. Zonsezo n'zabodza. Ndinali ine ndemwe, ndi manja angawa, amene ku Joni ankawatama kuti akadutsa pamalo sipatsala fumbi.

Ndinachoka Neusa ali ndi zaka ziwiri, atangosiya kuyamwa. Bambo wake anali atapita ku Nampula kukafuna ntchito, ndipo patapita miyezi foni yake inasiya kulowa. Ine ndinali ndi satifiketi ya zaulimi ya ku Cuamba, yokutidwa bwino m'pulasitiki. Ndinayenda nayo m'maofesi onse a ku Cuamba ndi ku Mandimba mpaka makona ake anapindika. Kulikonse yankho linali limodzi: "Siyani kope, achemwali, tikuimbirani." Ndinagulitsako mafuta ophikira a m'timabotolo pamsika wa kumalire, mwana ali kumsana, koma ogulitsa mafuta tinali ambiri kuposa ogula.

Achemwali anga a Joana anakwatiwa ku Ngauma, mudzi wa m'mbali mwa msewu wopita ku Lichinga. Nthawi imeneyo anali atakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, ndipo anthu anali atawanena mpaka kutopa. Nditawauza za ulendo wanga wokafuna ntchito ku Joni sanafunse kuti ndidzabwera liti. Anangoti, "Bwera naye."

Pakhomo pawo pankakhalanso apongozi awo, agogo Abiti Saidi, mayi wamfupi wogulitsa nsomba zouma, wa fodya wa pansi pa mlomo ndi chifuwa chosatha. Atamuona Neusa anamukweza m'mwamba n'kunena kuti, "Kamwana konyansa bwanji aka! Bambo wake anali mlamba?" Kutama kwawo kunali komweko. Tsiku lonyamuka anamutengera kuseri kwa khola kukamuonetsa anapiye, n'kundikodola ndi dzanja kuti ndizipita. Ndinapita osamutsanzika.

Ndinawoloka malire panjinga ya kabaza, chikwama chili pamiyendo. Kuchokera pamenepo Mangochi, Blantyre, kenako basi yaikulu imene tinakhalamo masiku mpaka mapazi anatupa osalowanso m'nsapato. Ku Joni ndinafikira m'nyumba yogawidwa ndi makatani, azimayi asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Amene anandilandira anali anti Patuma a ku Mangochi, mayi wonenepa wa mawu aakulu, amene anali atakhala kumeneko nthawi yaitali moti ankatukwana m'zilankhulo zinayi. Iwowa ndi amene anandipezera malo pa kampani yoyeretsa m'maofesi.

Ndinawafunsa kuti, "Anti, ine ndi satifiketi yanga ndikagwire mopu?"

"Iweyo satifiketi yako ndi ya chiyani?"

"Ya zaulimi."

"Eya, basi. Mopu ndi khasu lomwelo, kungoti ili ndi tsitsi. Vala nsapato tizipita."

Ndinkaganiza kuti kuyeretsa ndikukudziwa. Ndani wakulira kwathu osadziwa kusesa? Koma sabata yoyamba yomweyo kapitawo wathu, sisi Thandi, anandipeza ndikupukuta tebulo la m'khitchini ya pa ofesi ndi kansalu komwe ndinali nditapukutira sinki ya kuchimbudzi. Ndinali nditakachapa bwinobwino, kankaoneka koyera. Anandilanda kansaluko ndi zala ziwiri, n'kukaponya m'bini, n'kundiyang'ana ngati ndathira poizoni m'tiyi wa anthu.

Kuyambira tsiku limenelo anandiphunzitsa ntchito ngati mwana wa sukulu. Nsalu iliyonse ili ndi mtundu wake ndi malo ake: yofiira ya m'chimbudzi, yachikasu ya masinki, yabuluu ya madesiki, yobiriwira ya m'khitchini, ndipo sizikumana ngakhale pa chingwe choyanikira. Umayamba kumwamba kutsikira pansi, poyera kupita pakuda, pakona yakutali kubwerera kukhomo, kuti usaponde pamene wakolopa. Ndowa ziwiri, ina ya madzi a mankhwala, ina yofinyiramo. Mankhwala ukawaza sumapukuta nthawi yomweyo, umawasiya kaye agwire ntchito. Ndipo malo oopsa si pansi ayi. Ndi pamene anthu amagwira osaganiza: zogwirira zitseko, mabatani a chikepe, chogwirira ketulo, poyatsira magetsi.

Tsiku lina anatisonkhanitsa m'chipinda chosungiramo katundu. Anathira kaufa koyera m'manja mwa mtsikana wina n'kumuuza kuti atipatse moni tonse, atsegule chitseko, agwire ketulo. Kenako anati tikasambe m'manja monga timasambira masiku onse. Titabwerako anazimitsa magetsi n'kuyatsa katochi kowala mwabuluu. Mayi wanga ine! Manja athu onse ankawala ngati ziphaniphani, m'zikhadabo, pakati pa zala, pa ketulo, pa chitseko. Ine mpaka pamlomo, poti ndinali nditadzikanda.

Anti Patuma anaseka n'kunena kuti, "Onani wa satifiketi, wadya kale!"

Sisi Thandi sanaseke. Anati, "Ufawu si matenda, koma matenda amayenda chomwechi. Anthu a m'nyumba ino sakuonani, sadziwa ndi mayina anu omwe. Koma mutasiya ntchito sabata imodzi, theka la iwo ligona kunyumba likutsegula m'mimba. Inu ndi amene mukuwasunga."

Mawu amenewo anandilowa. Ndinayamba kuikonda ntchitoyo, ndinene zoona. Nsanjika yachinayi inali yanga, ndipo ndinkaidziwa ngati munda: desiki ya mayi wodya mtedza, ya bambo wotayira khofi, pakona pamene fumbi linkabisala kuseri kwa makina osindikizira. Kuseri kwa chitseko cha chimbudzi kunali pepala limene ndinkasainapo ola lililonse, ndipo silinakhalepo ndi mpata. Nthawi ya chimfine, anthu a nsanjika zina akamajomba, anga ankabwera pafupifupi onse. Palibe anandithokoza, koma ine ndinkadziwa.

Kuti sankationa, zinalidi zoona. Tsiku lina ndikukolopa m'chimbudzi cha amuna, chikwangwani chachikasu chili pakhomo, bambo wina wa tayi analowa akulankhula pafoni, n'kuima pambali panga penipeni, n'kutaya madzi. Sanachite mwano dala. Kwa iye ndinali ngati ndowa. Nditawauza anti Patuma anati, "Ukanamukolopa nsapato, ukanaona ngati sakukuona."

Manja anayamba kung'ambika ngakhale ndinkavala magolovesi. Javeli, mankhwala oyeretsa aja, ankandikhala pakhosi mpaka Lamlungu. Mtsikana wina watsopano anasakaniza javeli ndi mankhwala ochotsera dzimbiri m'chimbudzi, poganiza kuti ziyeretsa kwambiri. Anti Patuma analowa kukamutulutsa, n'kugwa okha pakhomo. Anakhala masiku osagwira ntchito, akutsokomola ngati chifuwa chithyoka, ndipo tonse a m'chipinda chathu tinkawaphikira mosinthana. Kuchipatala anakana kupita, poti masiku a pa pasipoti yawo, ngati yanga, anali atatha kalekale.

Lamlungu ndilo linali lathu. Tinkalukana tsitsi, kuphika mpunga ndi usipa umene wina wabwera nawo pabasi, n'kumanamizana za nyumba zimene tidzamange kwathu. Lamlungu lomwelo ndinkaimba foni ya kanema ku Ngauma. A Joana ankakwera pachulu kuti netiweki igwire, n'kumuitana Neusa. Poyamba ankabwera n'kumanyambita foni. Atakula pang'ono ankangosuzumira n'kuthawa. Mwezi uliwonse ndinkatumiza kangachepe, ndi tizovala, ndi nsapato zimene nthawi zambiri zinkafika zitachepa kale.

Chaka chachitatu a Joana ananditumizira chithunzi cha Neusa atavala diresi imene ndinamugulira. Ndinachikulitsa ndi zala kuti ndione nkhope. Masaya anali atalowa, ndipo kuseri kwa dzanja lake kunali kachipsera kakuda. Ndinaimba nthawi yomweyo, ndili m'chipinda cha mamopu.

"Achemwali, dzanja la mwana latani?"

"Aa, palibe. Ndi pomwe anamuika diripi."

"Diripi ya chiyani?"

"Anatsegula m'mimba mwezi wathawu. Koma wachira, akudya ngati dzombe."

"Mwezi watha? Osandiuza?"

"Tikanakuuza ukanatani uli kumeneko? Ukanangolira n'kutaya ntchito."

Kuchokera tsiku limenelo sindinakhalenso munthu wabwinobwino. Ndikapukuta chogwirira chitseko cha anthu osandidziwa, ndinkaona chitsime cha ku Ngauma, ndowa imodzi yomwera mudzi wonse, chikho chimodzi pamtsuko, ntchentche pa nsomba za agogo. Ine kuno ndikusunga ana a eni, wanga akumwa chilichonse. Ndinayamba kutumiza mauthenga a mawu m'mawa uliwonse: madzi muwiritse, chikho chake chikhale chakechake, mumusambitse m'manja ndi sopo, osati madzi okha. Ndinatumiza botolo la javeli pabasi, ndi kalata ya kathiridwe kake. Poyamba a Joana ankayankha kuti, "Chabwino, adokotala." Kenako anasiya kutsegula mauthengawo.

Kubwerera sikunali kufuna kwanga. Kampani inayamba kufunsa mapepala, ndipo ife tonse opanda chilolezo anatiuza kuti Lachisanu ndi lomaliza. Sisi Thandi anandipatsa mpukutu wa nsalu zatsopano, mitundu yonse inayi, n'kunena kuti munthu wa manja ngati anga sangagone ndi njala. Anti Patuma anatsala, anati kwawo kulibenso amene akuwadikira. Pondiperekeza ku basi anandiuza kuti, "Ukakafika, ukhale kaye mlendo. Usakayambe ndi kukolopa anthu." Ndinaseka. Ndikanamva.

Nditatsika shapa, minibasi ya kwathu ija, ku Ngauma, ndinaona kamtsikana kataliko, kakuda bii, kakuthamangitsa mbuzi kopanda nsapato. Ndinakadziwa ndi mayendedwe, ndi a bambo wake. A Joana anamuitana n'kunena kuti, "Neusa, bwera upereke moni. Ukuwadziwa awa?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndi titiya a m'foni."

Kwathu ngakhale mng'ono wa mayi ako umamutchula kuti amayi aang'ono. Ine ngakhale pamenepo sindinafikepo. Ndinali titiya, anti chabe, ngati mayi aliyense wodutsa pamsewu. Nditamukumbatira anatembenuza nkhope n'kunena kuti ndikununkha kuchipatala. Amayi ake anali a Joana, ndipo mudzi wonse unkawatchula a Joana kuti amake Neusa.

Ndikanakhala ndi nzeru ndikanakhala pansi, n'kumusiya abwere yekha. Koma maso anga anali atazolowera kuona zimene ena saona. Tsiku lachiwiri ndinatsuka mtsuko wa madzi ndi javeli. Ndinakhoma misomali inayi kukhitchini n'kupachika nsalu zanga. Ndinamugulira Neusa chikho chakechake. Pa chakudya, beseni losambira m'manja likamazungulira kuyambira kwa akulu, pofika kwa iye ndinkamukoka n'kukamuthirira madzi ena pambali. Alamu anga, amuna a a Joana, ankangoyang'ana pansi. Agogo Abiti Saidi ankaseka.

"Joana, bwera udzaone! Mlendo wathu wapachika mbendera zinayi kukhitchini. Kodi kukubwera pulezidenti?"

"Ndi zaukhondo, agogo," ndinatero.

"Eya, mama. Ife a nkhumba tiphunzira."

Anali Asilamu, ndiye mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo m'kamwa mwawo. Ine ndinangomva nthabwala.

Patatha milungu iwiri panali sadaka ya malemu amuna awo a agogo. Kunabwera anthu ochokera ku Massangulo, ku Mandimba, ena mpaka ku Malawi. Amuna anakhala kumaso ndi ashehe, ife azimayi kuseri pamikeka, tikudikira mpunga. Agogo anali pakati, Neusa ali pamiyendo pawo monga mwa masiku onse. Wina anabweretsa nzimbe. Agogo anatenga imodzi, n'kuisenda ndi mano awo otsalawo, n'kutsokomolera m'dzanja, n'kubenthula kachidutswa ndi dzanja lomwelo, n'kumupatsa mwana.

Sindikumbukira kuimirira. Ndimangokumbukira phokoso la dzanja langa pa dzanja lake, ndi nzimbe ikugubuduka m'fumbi mpaka kumapazi a mayi wina wachilendo. Kenako ndinapezeka ndikumupukuta Neusa pakamwa ndi nsonga ya kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, iye akukuwa.

Kwathu ukamuphumitsa mwana chakudya chimene wamkulu wamupatsa, pamaso pa anthu, wanena chinthu chimodzi chokha: kuti wamkuluyo akufuna kumudyetsa zoipa, kuti ndi mfiti. Zimenezo ndinkazidziwa chibadwire, ngati mmene ndimadziwira dzina langa. Koma dzanja linafika kaye, mutu unabwera pambuyo.

Agogo analavula fodya pambali, pang'onopang'ono.

"Mama, mwaonamo chiyani mu nzimbe yanga?"

"Agogo, si choncho, ndi chifuwa chanucho, mwatsokomolera..."

"Zaka zinayi ndakhala ndikumusendera nzimbe ndi mano omwewa. Nsomba ndimamuchotsera minga ndi zala zomwezi. Inu muli kwa azungu. Wafa?"

Pamenepo ndikanagwada. Ndikanangogwada basi, nkhani ikanathera pa mkeka pomwepo. Koma kachipsera kaja kanali patsogolo panga, padzanja limene ndinali nditangolimenya.

"Anatsala pang'ono!" ndinakuwa. "Anatsala pang'ono kufa m'manja mwanu momwemo, n'kundibisira!"

Mayi wina anati, "Astaghafirullah." Ena anayamba kutola nsapato zawo. Agogo anamutsitsa Neusa pamiyendo, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Mpunga wa sadaka unatsala m'miphika, anthu ambiri anapita osadya. Neusa anathamangira kwa a Joana n'kubisa nkhope m'kapulana mwawo.

Madzulo ake a Joana anandipeza kuchitsime. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ukudziwa amene anamubereka mwana uja kupita naye kuchipatala? Ine ndinali ku maliro ku Mandimba, alamu ako ali ku minda ya fodya. Agogo aja, ndi chifuwa chawocho, wapansi, mvula ikugwa. Anakhala naye masiku anayi osapita kumsika, akugona pansi pa bedi. Anamwino ankaganiza kuti ndi mdzukulu wawo weniweni. Lero wawatcha mfiti pa sadaka ya amuna awo."

"Sindinatero, achemwali."

"Mudzi wonse wamva kuti watero."

Anaitanitsa amalume athu ku Mandimba. Anabwera panjinga yamoto, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi abale a agogo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinagula tambala ndi kapulana yatsopano, n'kuyenda chogwada kuchokera pakhonde mpaka pamapazi a agogo. Ndinapepesa ndikulira, ndipo misoziyo inali yeniyeni.

Agogo anayang'ana tambalayo n'kunena kuti, "Nkhuku ndilandira, ilibe mlandu. Koma mwaitsuka ndi javeli?"

Anthu anaseka, ndipo amalume anapuma, poti kuseka kumeneko ndiye kunali kutha kwa mlandu. Pambuyo pake ananditengera pambali. Anati, "Mwana ndi wako, palibe akukana. Ndafunsa a Joana, ndafunsa amuna awo. Peza pokhala ndi chochita, ubwere udzamutenge. Koma pakhomo pano usakhalitse, wapaipitsa."

Ndinapita ku Cuamba. Satifiketi ya zaulimi sindinaitulutse n'komwe. Ndinalowa pa kachipatala kena ka eni ake, n'kupempha kuti andilole ndiyeretse tsiku limodzi laulere. Pofika masana mwini wake anali akuyendayenda m'makhonde akununkhiza. Anandilemba tsiku lomwelo, ndipo pano ndine amene ndimaphunzitsa anzanga awiri za nsalu ndi ndowa. Ndinapeza kachipinda ka simenti m'bairo ina, dera la kuseri kwa njanji, ndinagula matiresi ndi kampando kakang'ono. Ndinakafunsanso malo pasukulu yapafupi, poti Neusa anali atakwana zaka zoyamba kalasi yoyamba. Anandiuza kuti ndibwere naye ndi sedula yake, pepala lakubadwa lija, kulembetsa kusanatseke.

Tinagwirizana kuti ndimutenge kaye sabata imodzi, azolowere. A Joana anamumangira tizovala m'kapulana, n'kumunamiza kuti akupita kukaona sitima. Iwo sanatiperekeze kumsewu. Agogo anamupatsa kansomba kokazinga m'pepala, akundiyang'ana ine m'maso. Ndinamusiya alandire. Mu shapa yonse ndinkangoyang'ana pepala lija, zala zanga zikuyabwa.

Ndinali nditalumbira kuti ndisintha. Koma titangofika pakhomo ndinadzimva ndikunena kuti, "Vula nsapato. Samba kaye. Usagwire pamenepo." Mawu ankangotuluka okha, ngati mmene munthu amayetsemulira. Ndikaluma lilime pa chimodzi, china chatuluka kale. Akatola kanthu pansi, ngakhale ndidziletse bwanji iye ankaona pankhope panga.

Sanalire, ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Mwana amene ku Ngauma ankakwera mitengo ndi kukangana ndi mbuzi anakhala pa kampando kaja manja atawapana m'khwapa. Chakudya ankangotola pang'ono. Asanakhale paliponse ankafunsa kuti, "Titiya, apa m'pololedwa?" Ndinapita naye kukaona sitima, ndinamugulira bolasha, mabisiketi aja, ndi chidole cha tsitsi lalitali. Chidolecho sanachitulutse m'pulasitiki, anati chingade.

Tsiku lachinayi ndinamusiya ndi mayi woyandikana nane, ndikupita ku ntchito. Pobwera masana ndinamupeza atakhala panja pa chitseko changa, padzuwa, pamene chitseko chinali chosakhoma. Mayi uja anati wakhala pamenepo nthawi yaitali, wakana kulowa kulikonse. Anali atasewerako pang'ono ndi ana ena, ndipo mapazi ndi diresi zinali ndi dothi.

Ndinakhala pansi pambali pake, ndi yunifolomu yanga yomweyo. Ndinati, "Neusa, lowa, mwanangu. Ndi kwanu kuno. Ngakhale uli ndi dothi, lowa."

Anapukusa mutu. Kenako anafunsa, mwaulemu, ngati munthu wamkulu wopempha chifundo ku ofesi.

"Titiya, ndikapanda kuipitsa chilichonse mpaka mawa, mundibweza kwa amayi?"

Ndiye kuti masiku onsewo ankaganiza kuti ali pa chilango, ndipo akakhala bwino chitha. Ndinafuna kumuuza kuti amayi ako ndine, ndinakubereka ine pa chipatala cha ku Mandimba, zaka zinayi ndakhala ndikugwada m'zimbudzi za anthu chifukwa cha iwe. Koma zimenezo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi azitani? Ndinangoti, "Ndikubweza." Tsiku limenelo anadya mbale yonse.

M'mawa mwake tinakwera shapa. Titangodutsa Mandimba anayamba kulankhula, kundionetsa phiri, kundiuza mayina a mbuzi zawo. Anali mawu ambiri kuposa onse amene anandilankhula chibwerere. Titatsika anathamanga osayang'ana m'mbuyo, ndipo ndinamva agogo akufuula kuseri kwa nyumba kuti, "Kabwera kamlamba kanga! Akudyetsa chiyani, sopo?"

A Joana anali ataonda m'masiku asanu okhawo. Ndinawauza kuti avale, tipite kusukulu ya pamudzipo, poti kumeneko nakonso anali akulembetsa ana. Anandiyang'ana osamvetsa, koma anavala.

Mphunzitsi anali atakhala pa desiki pansi pa mtengo, ndi buku lalikulu ndi mzera wa azimayi. Itafika nthawi yathu ndinatulutsa sedula m'chikwama. Anakopera dzina la mwana, tsiku lobadwa, dzina la bambo, dzina langa. Kenako anafika pa mzera wina.

"Woyang'anira mwana ndani? Amene akukhala naye, woti tizimuitana akadwala kapena akalakwa."

A Joana ankangoyang'ana zala zawo za kumapazi. Ndikanatha kunena kuti dikirani, mwanayu akaphunzira ku Cuamba. Palibe akanandiletsa, amalume anali atanena kale. Neusa anali ataima pakati pathu, dzanja lake litagwira kapulana ya a Joana, akukanda mwendo wina ndi phazi linzake.

"Mayi, anthu akudikira," anatero mphunzitsi.

"Lembani Joana," ndinatero.

Analemba. Sedula ija sindinaibwezenso m'chikwama changa, ndinawapatsa a Joana, ndipo anailandira ndi manja awiri. Mphunzitsi anatembenuza buku kuti tione ngati walemba bwino. Ndinawerama n'kuwerenga mzera wonse kawiri, pang'onopang'ono, ndikufunafuna cholakwika choti ndimuuze afufute. Panalibe.